Ulendo wa ku Bvumbwe: kudziwiratu mvula ya mabingu ndi kutentha kwa kuchigwa

Mamembala a makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ochokera cha ku Chonde ndi ku Chinakanaka, m'boma la Mulanje, tinapita ku siteshoni ya zanyengo ya ku Bvumbwe, kudzera ku Luchenza ndi pa boma la Thyolo. Anthu kumudzi anatituma ndi funso limodzi: bwanji wailesi ikalengeza mvula ya mabingu, imagwa mudzi uno, pamene mudzi wa patsidya fumbi lili koboo?

Bambo amene anatilandira anayamba kutionetsa bokosi loyera la timipata m'mbali, lokwezedwa mamita pakati pa 1.25 ndi 2 kuchoka pansi. Ndi loyera kuti lisamwe dzuwa, timipatato ndi todutsa mphepo. M'katimo muli zoyezera kutentha zinayi: cha kutentha kwa masana, cha kuzizira kwa m'bandakucha, chouma, ndi china chokutidwa ndi kansalu konyowa. Ziwiri zomalizazi ndiye zofunika pa nkhani yathu. Zikasiyana kwambiri, mpweya ndi wouma. Zikayandikana, mpweya wadzaza chinyezi, chitungu chija timachimva mvula ikayandikira. Kansaluko kakauma kapena kuda ndi fumbi, chipangizo chimanama kuti chinyezi ndi chambiri.

Mvula ya mabingu imafuna zinthu zitatu pa tsiku limodzi: chinyezi, nthaka yotenthedwa ndi dzuwa, ndi chokankhira mpweya m'mwamba. Chinyezi chambiri cha m'dzinja chimabwera ndi mphepo yochokera ku Congo, chakumpoto kumadzulo. Chokankhira kwathu kuno n'chosasowa: phiri la Mulanje, lotalika mamita 3,002 pa Sapitwa, limakakamiza mpweya kukwera, n'chifukwa chake mitambo imayambira pa phiri isanafalikire kuchigwa. A Nthambi ya Zanyengo ku Blantyre amaona zonsezi pa zithunzi za setilaiti ndi pa kompyuta, ndipo amatha kunena kuti lero kuli mwayi wa mabingu. Koma mtambo umodzi wa mabingu umakuta makilomita ochepa chabe, ndipo kawirikawiri suposa ola limodzi usanathe. Apa ndiye panali yankho la funso lathu. Wailesi imatiuza tsiku ndi chigawo; ola ndi mudzi tiyenera kuziwerenga tokha kumwamba.

Kawerengedwe kake n'kotere. Mitambo yoyera ikayamba kutukumuka m'mamawa n'kumakwera ngati chulu, osabalalika, yang'anirani. Ikada kunsi, pamwamba n'kuphwatalala, yakhwima. Kenako kumabwera mphepo yozizira yadzidzidzi yotsogolera mvula. Mphepo imeneyi ndi imene imasasula madenga a masukulu ndi matchalitchi, makamaka pomwe mitanda sinamangiriridwe kukhoma ndi waya. Mukaona chiphaliwali, werengani masekondi mpaka bingu limveke: masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, mphenzi ikhoza kukupezani. Siyani khasu, chokani pansi pa mtengo, pa bwalo la mpira ndi kudambo, lowani m'nyumba. Mudikire mphindi 30 chilirire bingu lomaliza. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amatuluka mvula itangokata, mphenzi isanathe. Aphunzitsi asaweruse ana pa nthawi imeneyi.

Za kutentha tinakambirana moyerekeza malo. Mukatsika mamita 1,000, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 6 kapena 7. Bvumbwe ili pamwamba kuposa mamita 1,000, pomwe Ngabu m'chigwa cha Shire ili pafupifupi mamita 100 okha, ndiye sizodabwitsa kuti kumeneko kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Ife tili pakatikati. Miyezi imeneyi dzuwa limakhala paliwombo, kumwamba kopanda mitambo, nthaka ili gwa, choncho mphamvu yambiri ya dzuwa imathera kutenthetsa nthaka ndi mpweya. Kutentha kumafika pachimake cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, osati 12 koloko. Choopsa kwambiri ndi masiku otsatizana omwe usiku sukuzizira, chifukwa thupi silipuma. Okalamba, makanda ndi amayi oyembekezera ndi amene amayamba kufooka. Munthu akayamba chizungulire ndi mutu, mugonekeni pamthunzi ndi kumupatsa madzi. Akayamba kusokonezeka, khungu lili lotentha, muthireni madzi thupi lonse ndipo muthamange naye kuchipatala.

Tinamalizira pa choyezera mvula. Kukamwa kwake ndi mamilimita 127, ndipo kumakhala masentimita 30 kuchoka pansi. Chiikidwe pamtetete, kutali ndi mtengo kapena nyumba kawiri kutalika kwa chinthucho, apo ayi chimaphimbidwa kapena kudontheredwa. Amawerenga 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, ngakhale kusagwe mvula. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mbali zonse. Mayi wina wa m'gulu lathu anakumbutsa kuti chizimalupsa chimabwera ndi mabingu ambiri koma sichilowa pansi, ndipo obzala nacho amawotchetsa mbewu.

Tagwirizana kuti komiti iliyonse ipeze choyezera mvula n'kuchiika pa sukulu, isankhe anthu awiri olemba m'kaundula, ndipo uthenga wa zanyengo ukafika pa WhatsApp uziperekedwa kwa amfumu ndi kwa aphunzitsi aakulu isanakwane 10 koloko m'mawa.