Chikope Chimene Chinandilipitsa Nkhuku

Chikope cha diso langa lamanzere chinayamba kugwa pang'onopang'ono nditapitirira zaka 50, moti anthu osandidziwa amaganiza kuti ndikuodzera kapena ndalawa kachasu m'mawamawa. Dokotala wa maso anandiuza kuti vutoli limatchedwa ptosis, ndipo kwa anthu amsinkhu wanga limabwera chifukwa mnofu wokweza chikope cha pamwamba umatamuka n'kusiya kugwira bwino. Anawonjezera kuti chikope chikagwa mwadzidzidzi, mutu n'kumapweteka kwambiri kapena munthu n'kumaona zinthu ziwiriziwiri, ayenera kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Changa sichinali chotero, choncho opaleshoni yofupikitsa mnofuwo imene anaitchula ndinayamba ndaiika pambali, popeza mpeni pafupi ndi diso si chinthu chovomera mopupuluma.

Mavuto anabwera pamene muphwa wanga anapeza mbeta ku Chikwawa, ine monga malume wake ndikuyenera kukakhala nkhoswe. Ndinkadziwa kuti akuchikazi amayang'anitsitsa nkhope ya nkhoswe kuti aone mtundu umene mwana wawo akukalowamo, ndipo chizolowezi changa chokweza nsidze ndi kupendekera mutu kumbuyo pofuna kuona bwino chimandionetsa ngati munthu wodzikuza. Tili m'minibasi potsetsereka mapiri a Thabwa, ndinadula kachidutswa ka selotepi, ndipo muphwa wangayo atandigwirira kagalasi, ndinakokera chikopecho m'mwamba n'kuchimata pansi pa nsidze.

"Amalume, tsopano diso lamanzere lakula kuposa linzake," anatero mnyamatayo mwaulemu, koma ine ndinamuuza kuti asamale za mkazi wake, za maso andisiyire.

Amene amadziwa kutentha kwa m'chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala aona kale kumene nkhaniyi ikulowera. Atatikhazika pampando pansi pa mtengo wa mango, malonje atangoyamba, ndinazindikira kuti diso lomatalo silikutha kuphethira. Linauma, kenako linayamba kutulutsa misozi yambiri, mbali imodzi yokha. Gogo wina wa kuchikazi, poona misoziyo ikuyenderera mpaka pakolala ya malaya, anauza anzake mokweza kuti sanaonepo malume wokonda muphwa wake chotere, ndipo amayi angapo anavomereza ndi mitu. Ndinamva kuti zinthu zikundiyendera.

Thukuta nalo linali pantchito yake. Nkhoswe ya kuchikazi itayamba kutchula achibale mmodzimmodzi, inafika pa mayi ake a mtsikanayo, amene anali atakhala pamphasa chapatali, atafunda chitenje chatsopano. Ndinatembenuka kuti ndiwapatse ulemu, ndipo nthawi yomweyo selotepi inamatuka, chikope n'kugwa kuti phi, ine ndikumwetulira. Pofuna kukonza zinthu ndinakweza nsidze mwamphamvu, chikope chinakwera, kenako chinagwanso. Aliyense pabwalopo anaona nkhoswe yachilendo ikutsinzinira apongozi kawiri, amuna awo ali pomwepo.

Bambowo anatsokomola, nafunsa mwaulemu woopsa kuti, "Kodi achimwene, mwabwera kudzapempha mkazi mmodzi kapena awiri?"

Ndinayesa kufotokoza za mnofu wotamuka ndi mawu onse a dokotala, koma kaselotepi kanali kakulendewera pansidze, kakugwedezeka nthawi iliyonse ndikatchula liwu. Kamwana kena kanabwera n'kukachotsa, n'kuthamanga nako kukaonetsa anzake kuseri kwa nkhokwe. Gogo uja anasintha maganizo, nanena kuti misozi ija inalinso yabodza. Pamenepo mayi ake a mtsikanayo, amene mpaka nthawiyo anali ataweramitsa nkhope, anaphulika ndi kuseka mpaka kugwira nthiti, ndipo bwalo lonse linawatsatira, kupatula amuna awo.

Akuluakulu anapita kumbali kukakambirana, ndipo pobwera anagamula kuti ukwati upitirire, koma pa tsiku la chinkhoswe, kuwonjezera pa tambala wa mwambo amene akuchimuna amapereka, ine ndidzabweretse nkhuku ina yopepesera bambo a mwana. Ndinapempha kuti ikhale yaing'ono poti chikope chinagwa chokha popanda kutumidwa, koma bambowo anayankha kuti anawerenga bwinobwino, chinagwa kawiri, ndipo ndithokoze kuti sakundilipitsa ziwiri.