Ulendo wa ku Chengdu: chakudya cha madzulo m'kanyumba ka mala

Pa tsiku lachitatu la ulendo wathu wokacheza ndi alimi a ku Sichuan, chigawo cha dziko la China, womasulira anatipatutsa pa chakudya cha ku hotela n'kutitengera ku kanyumba kodyera ka m'kati mwa makomo a anthu ku Chengdu. Malo otere eni ake amawatcha cangying guanzi, kutanthauza "malo odyera a ntchentche": matebulo ochepa, mipando yaifupi, mitengo yotsika, koma anthu amaundana chifukwa cha dzanja la wophika. Chengdu ndi likulu la Sichuan, ndipo mu 2010 bungwe la UNESCO linauika m'gulu la mizinda yotchuka ndi zakudya.

Amene adzapite pambuyo pathu amve izi: kuzolowera kambuzi sikukupulumutsani. Tsabola wofiira wa kumeneko anangotitulutsa thukuta basi. Chimene chinatigonjetsa ndi huajiao, timakoko tofiirira ta kambewu kakang'ono ngati mapira, kamene sikawawa koma kamachititsa dzanzi. Mukakaluma milomo imanjenjemera, lilime limakhala ngati si lanu, ndipo ngakhale madzi amamveka achilendo m'kamwa. Kuwawa kwa tsabola ndi dzanzi limeneli zikakumana, ndiye amati mala. Timakokoto muzitisankhira pambali pa mbale, pamodzi ndi tsabola wouma uja amamuthira manja odzaza. Ntchito yake ndi kununkhiritsa mafuta, si ndiwo.

Aliyense saitanitsa mbale yake. Ndiwo zonse amaika pakati, mpunga wokha ndiwo umabwera m'kambale ka munthu aliyense. Tinalipo 8, ndipo mbale 9 zinakwana bwino: ziwiri zozizira zoyambira, zinayi za nyama, imodzi ya tofu (chakudya chopangidwa ndi soya), ziwiri za masamba. Masambawo uzani wophika kuti "bu la", osathira tsabola, kuti pakamwa pakhale pothawira. "Wei la" ndi tsabola pang'ono, ngakhale pang'ono wa ku Sichuan kwa ife ndi wambiri ndithu.

Mbale ziwiri ndi zoti musaziphonye. Mapo tofu, imene inayambira ku Chengdu komweko, ndi tofu wofewa wa soya wodulidwa timabokosi, wophikidwa ndi nyama yogaya, adyo ndi doubanjiang, pamwamba atawaza huajiao wopera. Doubanjiang ndi phala lofiira la nyemba zikuluzikulu, tsabola ndi mchere, limene amalisiya m'mitsuko miyezi yambiri kuti lisase, ndipo lotchuka ndi la ku Pixian, dera la ku Chengdu. Wophika amayamba walikazinga pa moto wochepa mpaka mafuta afiire. Moto ukachuluka limapserera, ndiwo zonse n'kuwawa ngati mankhwala. Ina ndi huiguorou, nkhumba yophikidwa kawiri: amaiwiritsa yathunthu, n'kuisiya izizire kuti idulike mopyapyala, kenaka amaikazinga mpaka tizidutswa tipindike m'mbali. Akaidula ikadali yotentha imanyenyeka.

Cholakwa chachikulu pa tebulo lathu chinali cha chizolowezi cha kwathu. Mafuta ofiira amene ndiwo zimasambiramo ena anawayesa msuzi n'kuwathira pa mpunga. Tsabola yense amakhala m'mafutamo, choncho m'mawa mwake anthu atatu analephera kukwera basi yopita ku minda chifukwa cha m'mimba. Vuulani nyama yokhayo, igwetseni pa mpunga kuti mafuta atsike, ndiye mudye. Madzi sazimitsa motowo, chifukwa chimene chimawawa mu tsabola chimasungunuka m'mafuta, osati m'madzi. Mpunga wosathira kanthu umathandiza, komanso bingfen, kachakudya kozizira konjenjemera kothira madzi a shuga wofiira, kamene amabweretsa pomaliza.

Amene sadya nkhumba anene asanakhale pansi. Kumeneko mawu akuti nyama akatchulidwa okha amatanthauza nkhumba, ndipo mafuta ake angalowe ngakhale m'masamba. Asilamu afunefune malo a qingzhen, ndiwo ophika za halaal. Timitengo todyera musatizike choimirira mu mpunga, chifukwa zimakumbutsa lubani wa pamaliro. Supuni ilipo, ingopemphani.

Kulipira ndi kamodzi pa tebulo lonse, makamaka pa foni kudzera pa WeChat Pay kapena Alipay. Khadi la banki la kunja tinyumba totere sitikonda kulandira, choncho msungichuma wa gulu alumikiziretu khadi lake ku Alipay, komanso asunge ndalama za mapepala zing'onozing'ono, poti chenji chimavuta.