Masitepe 193, mwana ali pakhosi

Usiku woti mawa lake tikazungulire mzinda wa London, ndinakhala pansi ndi foni ndi pepala n'kulemba ndondomeko imene ndinkaiona ngati ya katswiri. Malo anayi, tsiku limodzi, ana atatu: wachisamba wa zaka 7, mnyamata wa zaka 4, ndi mzime wa miyezi 14 woyenda pa chikuku. Mayi a ana anaiwerenga mpaka pansi n'kufunsa kuti, "Bambo, nanga nthawi ya kuchimbudzi mwailemba pati?" Ine ndinangoseka.

Masamu anga anali olakwika kuyambira pamzere woyamba. Mapu a pa foni akati ulendo ndi wa mphindi 10, amawerengera miyendo ya munthu wamkulu wopanda katundu. Mwana wa zaka 4 sayenda molunjika. Amaima pa chithaphwi chilichonse, atole nthenga, apereke moni kwa galu, kenako nsapato yavuka. Mphindi 10 zija kwa ife zinkakwana 25.

M'mawa ndinanyamula chikwama n'kuona kuti chalemetsa, ndiye ndinayamba kupungula. Matewera asanu, zopukutira, mabotolo atatu a madzi a theka la lita ndi zovala zosinthira za mwana aliyense, zonsezo ndinazisiya momwemo. Chimene ndinatulutsa ndi malaya anga apadera amene mayi a ana anawapinda n'kuwaika pansi. Bambo wamkulu ndevu pepeya, malaya osinthira a chiyani?

Sitima zapansi panthaka sizinativute poyamba. Ana osakwana zaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu wolipira, koma wamkulu aliyense amafunika khadi yakeyake. Muli ndi chikuku, mudzere pa chipata chotakasuka cha m'mbali, chifukwa tizipata tinato timatsekeka msanga, mungapezeke inu muli mkati mwana ali kunja. Pa masitepe oyenda okha mumaima kudzanja lamanja, lamanzere ndi la othamanga. Mnyamata wanga anaima pakatikati atatambasula manja, anthu ngati makumi awiri ali duu kumbuyo kwake, osalankhula, kungotsokomola.

Ku Buckingham Palace, nyumba yachifumu ya ku London, asilikali olondera amasinthana 11 koloko m'mawa, koma si tsiku lililonse. Tsikulo ndinali nditalifufuza bwinobwino. Chimene sindinafufuze n'chakuti wofuna kuona zenizeni amafika kudakali ola lathunthu. Ife tinafika kutatsala mphindi 10, ndipo tinaona misana ya anthu ndi mafoni ali m'mwamba. Ndinakweza mnyamata pakhosi kuti azitiuza zimene zikuchitika. "Adadi, ndikuona zipewa zakuda zikuyenda zokha!" Mwambo wonse unathera pomwepo. Choipa n'chakuti mwana anadziwa tsopano kuti khosi la bambo ake ndi mpando wabwino.

Tinadutsa mu St James's Park, mmene muli mbalame za vuwo zimene zinayamba kusungidwamo mu 1664. Dzuwa linali litaswa, mnyamata anagugudiza botolo lonse la madzi, ine n'kumuyamikira kuti ndi mwana womvera. Pa Westminster ndinaima n'kuyamba kuphunzitsa kuti Big Ben si nsanja ayi koma belu la mkatimo, lolemera matani oposa 13, ndipo nsanjayo dzina lake ndi Elizabeth Tower kuchokera mu 2012. Nditacheuka, ophunzira anga onse anali atazungulira nkhunda ya mwendo umodzi.

Ku Natural History Museum, nyumba yoonetsera zinthu zachilengedwe, kulowa n'kwaulere, ndipo mukangolowa m'holo yaikulu mafupa a namgumi a mamita 25 ali lende kudenga. Namgumiyo anafera m'gombe la ku Wexford ku Ireland mu 1891, ndipo anamupachika m'holomo mu 2017. Apa ndiye ana anatsegula pakamwa, ine n'kudzimva kuti pepala langa lagwira ntchito. Kenako tinapita kukaona chidole cha T. rex, chilombo chachikulu chamakedzana, chimene chimagwedeza mutu ndi kubangula. Mnyamata anakhala sabata yonse akulonjeza kuti akachimenya chibakera. Chitangotembenuza diso, mwamuna uja anali kale m'jekete la amayi ake akulira mokweza kuposa chilombocho. Kulira kumaumitsa kukhosi, choncho ndinamupatsa botolo lachiwiri.

Tisanatuluke, mayi a ana analamula kuti aliyense apite kuchimbudzi. Lamulo lake ndi losavuta: mwana wa zaka 4 simumufunsa, mumangomugwira dzanja n'kupita naye pamalo alionse musanachoke, afune asafune. Ine ndinamufunsa. "Sindikumva chilichonse, adadi." Ndinamukhulupirira ngati munthu wolumbira m'khoti, lita yathunthu ya madzi ili m'mimba mwake.

Malo otsiriza anali Covent Garden, kukaona anthu ochita masewero mumsewu. Kuchokera pa South Kensington, pafupi ndi nyumba ya namgumi ija, ndi siteshoni yachisanu ndi chimodzi pa njanji ya Piccadilly. Mayi a ana anati titsikire pa Leicester Square, pamene pali masitepe oyenda okha, tikamalize wapansi. Masiteshoni awiriwa atalikirana mamita 260 okha, ndipo palibenso ena oyandikana chotero pa njanji zonse zapansi za mzindawo. Ine ndinati pepala likuti Covent Garden.

Siteshoni ya Covent Garden ilibe masitepe oyenda okha. Kutuluka kwake ndi pa chikepe, ndipo tinapeza khamu likudikira. Pambali panali khomo la masitepe wamba, ndi chenjezo loti ndi 193, ofanana ndi kukwera nyumba ya nsanjika 15. Chenjezolo ndinaliwerenga bwinobwino, sindinganamizire maso. Ndinauza mayi a ana kuti, "Mayi, inu dikirani chikepe ndi atsikanawa. Ife amuna mukatipeza pamwamba tikukudikirani."

Masitepewo ndi ozungulira ngati chigoba cha nkhono, moti suona kumene wachokera kapena kumene ukupita, koma khoma lomwelomwelo. Mnyamata anayamba mwamphamvu akuwerenga mokweza. Pa 40 anati miyendo yatha. Ndinamukweza pakhosi, makilogalamu 17, chikwama chili kumsana. Pa 80 ndinasiya kulankhula. Pa 100 mawondo anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, iye akuwerengabe uku akundigwira makutu ngati zogwirira njinga.

Pa 110 kuwerenga kunaima.

"Adadi, mkodzo."

Mwana wa msinkhu umenewu akanena mawu amenewa sakukuchenjezani za mtsogolo. Wakhala akuugwira kwa theka la ola osanena chifukwa anali wotanganidwa, ndipo mwatsala ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Ndinawerengera mwachangu: kumwamba kwatsala 83, kumunsi 110, ndipo kumbuyo kwathu kukubwera anthu ena anzeru ngati zanga. Botolo lopanda kanthu likanatipulumutsa, koma onse awiri ndinali nditataya m'bini kuti chikwama chipepuke. Ndinasankha kuthamanga. Munthu wothamanga pa masitepe amadumphadumpha, ndipo wokhala pakhosi pake amakhutchumuka ngati thumba. Chikhodzodzo chodzaza sichifuna zimenezo.

Cha pa 150 ndinamva kufunda kuseri kwa khosi. Poyamba ndinadzinamiza kuti ndi thukuta. Koma thukuta silitsika msana wonse nthawi imodzi mpaka kulowa m'lamba. Kenako kamawu kodekha kanamveka pamwamba pa mutu wanga: "Adadi, musathamangenso. Zatheka."

Masitepe 43 otsalawo ndinakwera mwaulemu, nsapato ikulira fwatafwata. Bambo wina amene anatipitirira anayang'ana mwana, anayang'ana ine, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene zinamuonekerapo.

Pamwamba tinapeza mayi a ana atakhala kale nthawi, mzime ali m'tulo m'chikuku, wachisamba akusimba kukoma kwa chikepe. Mnyamata anamusintha pakona m'kanthawi kochepa: kabudula wouma, malaya ouma, masokosi ouma, zonyowa m'pepala la pulasitiki. Atatero mayi a ana anapisanso dzanja m'chikwama n'kuyamba kufufuza pang'onopang'ono, akutulutsa chinthu chimodzichimodzi, nkhope ili phee. "Bambo, malaya anu aja ndinawaika pansi penipeni. Kapena mwawaonako?"

Ndinadzipukuta ndi zopukutira za khanda zokwana khumi, koma malaya sakanauma m'thupi ndili pamthunzi. Mumsewu wotsika kuchokera pasiteshonipo mumaima anthu odzipaka utoto wasiliva amene amakhala osagwedezeka ngati ziboliboli, odutsa n'kumawaponyera ndalama. Ndinapeza kadzuwa chapafupi ndi mmodzi wa iwo, ndinaima chofulatira, manja nditatambasula kuti mphepo ilowe m'khwapa, maso nditatsinzina chifukwa cha manyazi. Sindinagwedezeke kwa mphindi zingapo. Kenako ndinamva ngwee pafupi ndi phazi langa. Kamtsikana kena kachilendo kanali kataponya ndalama yachitsulo n'kuima kudikira kuti ndivine. Mnyamata wanga anaitola msangamsanga n'kuiika m'thumba la kabudula wake wouma uja.

"Adadi, musasunthe. Kukubwera ena."