Mmene ndinasankhira onga wa mfuti yanga ya .308

Nditalandira laisensi ya mfuti yanga ya .308 Winchester kuno ku Limpopo, sipanapite nthawi ndinayamba kudzaza ndekha zipolopolo. Alenje ambiri a ku South Africa amatero, ndipo lamulo la mfuti la 2000 limalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yakeyo. Makesi (zikhokhombe za mkuwa zothiramo onga), ma primer (timabatani ta kumunsi kwa kesi toyatsa ongawo) ndi mitu ya zipolopolo sizinandivute kusankha. Chinandisowetsa tulo ndi onga.

Poyamba ndinkangofunsa aliyense kumalo oombera, ndipo aliyense ankatama wakewake. Mdala wina amene wakhala akudzaza zipolopolo ine ndisanabadwe ndiye anandibweza. Anandiuza kuti ndisiye za m'maluwa, nditsegule buku la opanga onga, ndione mitundu imene yalembedwa pansi pa .308 ndi kulemera kwa mutu umene ndikufuna. Zotsalazo, anatero, idzaweruza ndi mfuti yanga.

Onga wa masiku ano umachita kuyaka, wina mofulumira, wina pang'onopang'ono, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Kesi yaikulu ndi mutu wolemera zimafuna woyaka mochedwa, kuti mphamvu izikwera bwinobwino mutuwo ukuyenda mu mpope. Wa pisitolo ndi wachangu kwambiri, mukaudzaza m'kesi ya mfuti yaikulu mfutiyo ikhoza kukuphulikirani kumaso. N'chifukwa chake patebulo panga pamakhala chitini chimodzi chokha nthawi iliyonse, zinazo zili m'kabati.

Ine ndinkafuna mutu wolemera ma grain 165 (grain ndi muyeso waung'ono wa kulemera), woti ndiziphera nswala ndi njiri, mwinanso ngoma. Kesi ya .308 ndi yapakatikati, choncho imafunanso onga wapakatikati. Mwa mitundu ya onga wa Somchem, yopangidwa kuno ku South Africa, ndinatsala ndi S335, S341 ndi S355. S365 ndinausiya, umayaka mochedwa ndipo umakomera makesi aakulu monga a .270 ndi .30-06. Varget ndi Vihtavuori N140 ndi otchuka pa .308, koma amachokera kunja, ndipo onga woti mawa usowe m'sitolo ine sindinafune kuuzolowera.

Mitunduyi imasiyana ngakhale poiona. S341 ndi timipira ting'onoting'ono ngati mchenga wosefa, umatsika mu choyezera mosavuta. S355 ndi timitengo tangati nsonga za pensulo zothyoka, ndipo mukamapotokola choyezera mumamva kuti khetye, katengo kena kaduka. Pachifukwachi ndinkayeza kesi iliyonse pa sikelo, ndikudonthezera timitengoto kamodzikamodzi mpaka muvi utaima pa mzere. Grain imodzi ndi magalamu 0.065 okha, ndiye sikelo imagwedezeka ngakhale ndi mpweya wa m'kamwa. Ndinkatseka zenera ndi chitseko.

Chinanso chimene ndinayang'ana ndi mmene onga ukudzazira kesi. Ukachepa, umangoti mbwee m'katimo, lero uli kumbuyo, mawa uli kutsogolo, ndipo suyaka mofanana. Wofika pafupi ndi phewa la kesi ndiye wabwino. Chipolopolo chikatha ndimachigwedezera pakhutu. Cha S355 chinkamveka pang'ono chabe.

Kenako kuyesa. Pa mtundu uliwonse ndinayambira pa mlingo wapansi wa m'buku, ndikukwera pang'onopang'ono, zipolopolo zisanu pa mlingo uliwonse, osadutsa malire a pamwamba. Miyeso yanga sindiilemba pano mwadala. Mfuti ziwiri zofanana dzina sizipirira mofanana, ndipo mlingo wabwino mu yanga ukhoza kukhala woopsa mu yanu. Chandamale ndinachiika pa mamita 100, chronograph (chida choyezera liwiro la chipolopolo) patsogolo, ndipo ndikaomba ndinkadikira mpope uzizire. Kesi iliyonse ndinkaitembenuza kuona kumunsi. Primer ikaphwathalala, bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo m'mfuti) ikalimba pokweza, kapena pakaoneka kachipsera konyezimira pa mkuwa, ndiye kuti mphamvu yapyola, muimire pomwepo. Pa mlingo wina wa S335 bolt inandilimbira. Zinayi zotsalazo sindinaziombe, ndinakazimasula kunyumba.

Mtima wanga unali pa liwiro, ndisaname. Koma mlingo wothamanga kwambiri ndi umene unamwaza mabowo papepala. Umene unaika mabowo asanu pamodzi, moti ndinawaphimba ndi kobiri ya R5, unali wa S355 wapakati, ndipo manambala ake pa chronograph ankangotsatana pafupipafupi.

Sindinakhulupirire tsiku limodzi. Nyengo yosaka kuno ndi yachisanu, m'mawa zala zimachita kuuma, koma masana dzuwa limaotcha ndithu, ndipo onga ukatentha mphamvu yake imakwera. Ndinadzaza zina khumi, zisanu ndinaomba mbandakucha, zisanu masana. Zamasana zinathamangako pang'ono, koma mabowo anakhalabe pamodzi, bolt ikutseguka mofewa.

Sabata yomweyo ndinabwerera kusitolo ndi nambala ya gulu yolembedwa pa chitini changa, chifukwa onga wa dzina limodzi umasiyanako gulu ndi gulu. Wogulitsa anafufuza pa shelefu napeza china cha nambala yomweyo. Ndinachigula, ndipo m'kope langa ndinalemba tsiku, mtundu wa kesi, primer, mlingo ndi kutalika kwa chipolopolo. Pansi pake ndinalemba kuti gululi likadzatha, ndidzatsike kaye mlingo ndi kuyesanso.