Zikomo nonse, makamaka amayi a ku Kachulu

Abale ndi alongo, tabwerako. Bambo a ana anga tinawaika m'manda Lachitatu kwawo ku Songani, ndipo dzulo ndi pomwe tafika kuno ku Chinamwali titamaliza kusesa. Foni yadzaza ndi mauthenga amene sindinayankhe. Mundikhululukire, mutu sunakhazikike, ndiye ndati ndilembe pano kamodzi.

Zikomo abusa ndi akulu a mpingo, a mlaga wathu, amayi a Mvano amene munachezera kuimba m'siwa mpaka mawu kusasa. Adzukulu, nthaka ija inali youma koma simunadandaule. Achimwene, munathamangira bokosi ndi galimoto ine ndisanazindikire n'komwe kuti kunja kwacha. Nonse amene munatumiza chipepeso pa Mpamba ndi pa Airtel Money, Mulungu abwezeretse pomwe mwachotsa.

Koma pali amayi ena amene sadzawerenga izi, chifukwa alibe foni. Ndinakumana nawo kophikira magadiyani, sabata yachiwiri mwa masabata 7 amene tinakhala m'chipatala. Makala anali atandithera, ndangoima ndi poto wa phala m'manja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, terekani pano, moto ulipo." Iwo ankadwazika mdzukulu wawo. Kuyambira tsiku limenelo tinkapemphera limodzi m'bandakucha kuseri kwa wodi, iwo kupempherera mdzukulu, ine amuna anga. Mawu athu anali ofanana, Mulungu wake yemweyo.

Mdzukulu wawo anachira, anatuluka akuyenda yekha. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, tsiku limene ankamanga katundu wawo mtima wanga unachita nsanje. Ndinafunsa kuti, Ambuye, ine ndalakwanji? Kusala ndasala, chakhumi ndimapereka, ana anayi awa mukuwaona. Bwanji mwayankha pa bedi lina n'kudumpha langa?

Patapita masiku anayi ndinangoona atulukira, atasenza kathumba ka mpunga ndi matemba. Kuchokera ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, msewu mukuudziwa uja, munthu wachikulire, wopanda wodwala wake m'chipatalamo. Ndinati, "Amayi, mdzukulu uja wadwalanso?" Iwo anati, "Ayi, ndabwerera inu." Anakhala nane mpaka mapeto. Ankachapa nsalu, kundikakamiza kudya, kukhala pambali pa bedi kuti ine nditsinzineko pang'ono.

Ena munandiuza kuti chikhulupiriro changa n'chochepa. Ena munati ndikagule mafuta odzozedwa, wina mpaka anati m'banja mwathu muli tchimo lobisika. Ena simunapondeko n'komwe, chonsecho kuchokera ku Matawale ndi mtunda wa kabaza. Sindikusunga mangawa, koma zinandipweteka, ndipo sindinama.

Ndaphunzitsa Sande sukulu zaka zambiri. Ndikudziwa kuti Paulo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, munga sunachoke, anangouzidwa kuti chisomo chikumukwanira, pa 2 Akorinto 12. Davide anasala kudya, anagona pansi chifukwa cha mwana wake, mwanayo anamwalirabe tsiku lachisanu ndi chiwiri. Ambuye Yesu ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, koma anachimwa. Kodi onsewa chikhulupiriro chinawachepera? Ndime zimenezi ndinkaziwerengera ana mosavuta. M'wodi muja, diripi ikudontha, munthu wako akupuma movutikira, zinandilemera ngati mwala.

Amayi a ku Kachulu sananditsegulireko vesi ngakhale limodzi. Anachita zija anachita abwenzi a Yobu masiku 7 oyamba, asanayambe kulankhula zambiri: anangokhala pansi nane. Usiku womaliza tinayamba Pemphero la Ambuye. Nditafika pakuti "kufuna kwanu kuchitidwe" pakamwa panga panauma. Ndinkadziwa chimene mawuwo akutanthauza usiku umenewo, ndipo sindinkafuna. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Siyani mwana wanga, ndikunenerani ine. Tsiku lomwe mudzathe mudzanena nokha." Ananenadi, pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu. Kusanache bambo anatisiya. Amene anandimanga nsalu m'chiuno ndikulira ndi iwo, amene anaimbira achimwene pa foni yanga ndi iwonso.

Mpaka lero mzere umenewo ndimaudumpha. Chifuniro cha Mulungu pa nkhani iyi sindikuchimvetsa, ndipo musandifulumizitse kuti ndichimvetse. Kupemphera kokha sindinasiye, ngakhale nthawi zina pemphero langa lonse limangokhala loti, Ambuye, mukundiona. Atate, asungeni amayi aja, muwapatse mphamvu m'mawondo, mdzukulu wawo akule wathanzi, munda wawo wa mpunga ubereke.

Ku Songani anafikanso, anagona pa mkeka pamodzi ndi amayi a Mvano ngati wachibale, ndipo ananyamuka m'mawa ine ndisanawatsanzike bwino. Anaiwala poto wawo ndi chitenje chobiriwira, zili kuno ndazisunga. Ngati alipo amene amapitapita ku Kachulu, kaya kukapikula nsomba kaya mpunga, chonde ndiuzeni. Sindikufuna kutumiza munthu. Ndikufuna mudzanditenge, ndikapereke ndekha, ana anga akawaone.