Sabata yosaka regulator ya Datsun 280ZX

Lolemba m'mawa pagalaja pathu ku Chirimba panafika Datsun 280ZX yofiira ya 1981, ikufuka utsi wakuda bii kumbuyo. Mwini wake ndi bambo wachikulire amene anapuma pantchito, ndipo galimotoyi anaigula ku South Africa akadali ndi mphamvu zawo. Atatsika anati, "Amisiri, petulo akungotha ngati thanki yabooka. Ndikaizimitsa itatentha, kuti ilirenso ndi nkhondo."

Galimoto zimenezi zinkapangidwa ku Japan kuyambira 1978 mpaka 1983, ndipo kwawoko zinkatchedwa Fairlady Z. Injini yake ndi L28E, ya malita 2.8, masilinda 6 ondandana mzere umodzi. Ilibe kabureta. Mafuta amalowa ndi ma injector, timavalavu tamagetsi tofayira petulo, potsatira njira ya L-Jetronic yomwe anayambitsa a Bosch. Mnyamata wanga wophunzira ntchito anali asanaionepo, ndiye ndinamuuza kuti asiye kaye pikapu yomwe ankamasula mabuleki adzaime pambali panga.

Titatulutsa mapulagi, onse anali ndi mwaye, ena onyowa. Kandodo koyezera oyilo kankanunkha petulo, ndipo oyiloyo anali atapyola chizindikiro chapamwamba. Pa injini imeneyi zochulukitsa mafuta zilipo zingapo: sensa ya kutentha kwa madzi ikachita dzimbiri polumikiza, ka valavu kothira petulo injini ikazizira kakamadontha, kapena kachitseko ka mu airflow meter, choyezera mpweya wolowa mu injini, kakamakakamira. Koma ndisanapite kutali ndinazula kapaipi kakang'ono ka vacuum kochokera pa fuel pressure regulator, kachitsulo kosunga presha ya petulo pa mlingo wake, kupita ku manifold yolowetsa mpweya mu injini. Kapaipi kameneka kamayenera kukhala kouma gwa, mumangodutsa mpweya. Petulo anadontha m'manja mwanga. Diaphragm, labala yolekanitsa petulo ndi mpweya m'kati mwa regulator, inali itang'ambika, ndiye injini inkangoyamwa petulo wosayezedwa kudzera pamenepo. Tinaikanso geji pakati pa fyuluta ndi paipi ya ma injector. Titazimitsa injini, singano inagwa nthawi yomweyo m'malo moima.

Vuto tinalipeza tiyi wa m'mawa asanazizire. Ntchito yeniyeni inali kupeza regulator ina.

Lachiwiri ndinakulunga chitsulo chakalecho m'nyuzipepala n'kuyamba nacho ku Ndirande, kenako ku Limbe. Anyamata a masipeya amadziwa ntchito yawo, ndipo ndimawalemekeza. Ukawaonetsa cha Corolla, Vitz, Sienta kapena Hiace, sipatenga nthawi chapezeka. Koma ichi ankangochitembenuzatembenuza n'kufunsa kuti, "Achimwene, chachokera pa galimoto yanji chimenechi?" Sindikuwaimba mlandu. Galimoto zambiri zomwe zadzadza m'misewu yathu masiku ano regulator yake ili m'thanki limodzi ndi pampu, ndipo palibe paipi yobwezera mafuta kuchokera ku injini. Ya 280ZX ili poyera pa injini, ili ndi polowera petulo, potulukira wobwerera kuthanki, ndi kamlomo ka vacuum pamwamba.

Ku Limbe mkulu wina anatulutsa m'bokosi regulator yofananako, yomwe anati inachokera pa BMW 325i yakale. Inali yabwinobwino, mtengo wakenso wofikirika. Nditapukuta mafuta ndi chala, pathupi pake panaoneka muyeso wa presha, 3.0 bar, pomwe 280ZX imafuna 2.5 bar. Ndinaibweza. Mkuluyo anadandaula kuti theka la bar si kanthu, ena amamanga ndipo galimoto zimayenda. Kuyenda zimayendadi, koma ine pamenepa sindigonja, ndipo usiku womwewo ndinamufotokozera mnyamata wanga chifukwa chake.

Kompyuta ya L-Jetronic sidziwa presha ya petulo, ilibe choyezera. Chomwe imachita n'kuwerenga mpweya wolowa, liwiro la injini ndi kutentha, kenako n'kutsekula injector kwa kanthawi kakuti. Kuwerengera konseko kunakhazikika pa 2.5 bar, ndiye kuti pafupifupi 36 psi, pamwamba pa presha ya mu manifold. N'chifukwa chake pali kapaipi ka vacuum kaja: injini ikamangolira poima, vacuum imakoka diaphragm ndipo geji imatsika kufika cha m'ma 30 psi, ukaponda moto imakwera. Ukamanga ya 3.0 bar, injector iliyonse imalavula petulo wochuluka ndi pafupifupi 10 peresenti nthawi zonse. Utsi ubwerera, mapulagi adanso, ndipo petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'makoma a silinda, ma ring n'kumadyeka. Injini yomwe yakhala zaka zoposa 40 siyenera kuphedwa ndi kachitsulo kokwana m'chikhatho chifukwa choti makaniko anatopa kufunafuna.

Lachitatu ndinatembenukira ku foni. Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito pagalaja ina ku Johannesburg, ndiye ndinamutumizira zithunzi pa WhatsApp, mbali zonse, nditaika rula pambali. Masana anayankha kuti, "Malume, ndapeza ziwiri. Ina ndi yapa sikirapu, yochokera pa 280ZX yeniyeni. Inayo ndi yatsopano, 2.5 bar, milomo yake ndi ya paipi ya 8 mm, koma pomangira bawuti sipakufanana." Pa intaneti ku America zinaliponso zofanana ndendende, koma kumeneko amafuna madola, ndipo aliyense wochita bizinesi kuno akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, makamaka chitsikire kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023.

Bambo aja atabwera madzulo, mtima wawo unali pa yapa sikirapu. Ndinawamvetsa. Munthu amene wasunga galimoto zaka zonsezi safuna kuona chinthu chachilendo akatsekula boneti. Koma ndinawauza kuti, "Bambo, labala ya m'kati mwa imeneyo ndi yamsinkhu umodzi ndi yomwe yang'ambikayi. Yakhalanso padzuwa, youma, mwina zaka. Chitsulo chake n'chosindikiza, sitingachitsekule kuti tione." Ndinawakumbutsanso kuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo labala yopangidwa masiku ano imapirira bwino mafuta otere kusiyana ndi yakalekale. Anakhala chete kanthawi, kenako anapempha chinthu chimodzi, kuti chakalecho ndisataye, ndiwasungire. Ndinachiika m'kabotolo n'kulembapo dzina la galimoto.

Lachinayi mwana wa mlongo wanga uja anakweza yatsopano ija pa basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza. Ife tinakhalira pikapu ija ndi minibasi ya klatchi.

Lachisanu ndi tsiku lomwe ndinakhutira nalo kwambiri, ngakhale regulator inali idakali m'njira. Pa L28 manifold yolowetsa mpweya ndi ya ekizozi zili mbali imodzi, yotenthayo ili pansi penipeni pa ma injector. Injector iliyonse imalumikizidwa ndi kapaipi kafupi ka labala. Nditapinda kamodzi ndi zala, kanaonetsa ming'alu yambirimbiri, ulusi wa m'kati uli pamtunda. Dontho limodzi likagwera pa ekizozi yofiira, moto wabuka. Ndinaimbira eni ake, anavomera, ndipo tinasintha mapaipi onse kuyambira pa fyuluta, kuika opirira presha ya ma injector, osati wamba a kabureta amene amagulitsidwa pa mita pamsika. Zomangira tinaika zosalala m'kati kuti zisadule labala. Oyilo wosungunuka uja tinamukhetsa, fyuluta ya oyilo n'kusintha, mapulagi atsopano. Mnyamata wanga ndinamupatsa kachitsulo kafulati ndi miyeso ya pazithunzi kuti adule ndi kuboola bulaketi. Anaipala ndi tupa mpaka m'mphepete munasalala, kenako anaipaka penti yakuda kuti isaonekere.

Basi inafika ku Wenela Loweruka masana. Ndisanamange ndinaona kaye nambala pathupi, 2.5 bar, n'kuyamwa kamlomo ka vacuum ndi kapampu kapamanja kuti ndione ngati ikugwira. Inagwira. Bulaketi inafuna kukulitsa bowo limodzi pang'ono basi. Titaliza injini, geji inakhazikika pa 30 psi. Nditazula kapaipi ka vacuum inakwera kufika pa 36, ndipo kapaipiko kanali kouma. Tinaizimitsa itatentha n'kuisiya theka la ola, singano sinagwe, ndipo titailizanso inalira nthawi yomweyo.

Tinakaiyesa pa msewu wa ku Chileka, bambo aja akuyendetsa okha. Utsi unatuluka pang'ono poyamba, wotsalira mu ekizozi, kenako unatha. Pobwerera ndinamva kugogoda kumbuyo chakumanzere akamasintha magiya, ndipo ndikukayikira mabushi a diff. Ndawauza kuti ayende makilomita 500 kenako abwere ndidzaone mtundu wa mapulagi, ndipo tsiku lomwelo tidzaikweza kuti tione kumbuyoko.