Anyezi wa ku Leeds

Tsiku limene ndinamaliza shifiti yotsiriza ya sukulu ya unamwino, ndinatuluka m'chipatala ndikuyenda ngati mzinda wa Leeds ndagula ndine. Zaka zitatu, abale. Maola 2,300 m'mawodi, enanso 2,300 a m'mabuku, monga amafunira a NMC, bungwe lolembetsa anamwino kuno ku Britain. Chinatsala ndi kudikira nambala yanga ya PIN basi, yosonyeza kuti ndalembetsedwa ngati namwino. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi Loweruka lopanda mayeso.

Unali mwezi wa Marichi, nyengo imene eni dziko amaitcha spring. Amene sanakhaleko kuno sangamvetse chifukwa chake anthu akuluakulu amasangalala ndi kadzuwa kosaumitsa ngakhale mpango. Koma mukapirira Disembala, mdima ukumagwa 4 koloko isanakwane, kadzuwa ka Marichi mumakalandira ngati mlendo wobwera ndi thumba la ufa. Mlendo weniweni analiponso. Apongozi anga anali atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzathandiza kulera mdzukulu wawo ine ndili pa mayeso, ndipo m'sutikesi mwawo munali usipa wouma umene tinkausunga ngati ndalama za maliro.

Ndinati lero ndiphika ndine. Zaka zitatu banja langa linkadya zotenthetsa mu mayikulowevu, ndiye ndinafuna apongozi aone kuti mwana wawo sanakwatire mabuku.

Kusitolo, pakhomo penipeni pafupi ndi masamba, ndinaona timitolo tobiriwira tomanga ndi labala, mtengo wake paundi imodzi. Timapesi towongoka, kunsonga kotupa pang'ono. Ndinati anyezi wamasamba uyu, ndipo watchipa. Ndinatenga mitolo iwiri. Panali kapepala komatidwa pa labalayo. Ndinakang'amba n'kukataya m'bini osakawerenga.

Apa ndiime kaye. Kusukulu anatiphunzitsa mpaka makutu kuwawa kuti mankhwala sapatsidwa usanawerenge chizindikiro cha pa botolo: dzina la wodwala, dzina la mankhwala, mlingo, nthawi, njira yoperekera. Ine ndinkadzudzula anzanga ofulumira. Ineyo.

Ndinaduladula mtolo umodzi, winawo ndinauika m'kapu ya madzi pawindo kuti usafote. Podula sindinalire misozi, fungo la anyezi silinamvekenso. Ndinati ndi mmene zilili zakudya zakuno, ngakhale nkhuku yake imakoma ngati thonje. Ndinakazinga ndi tomato, n'kuthiramo usipa wa apongozi, theka lonse la phukusi. Nsima ndinaiphika yolimba bwino, ya ufa woyera.

Apongozi anatema mbamu yoyamba, anasunsa, anatafuna nthawi yaitali akuyang'ana kudenga.

"Amayi, zili bwanji ndiwo?"

"Zili bwino, apongozi. Kungoti zili ndi kakhambi. Mwina ndi mafuta akuno."

Munthu waulemu, anapitiriza kudya. Bambo a mwana, pofuna kundikweza pamaso pa mayi awo, anawonjezera kachiwiri akunena kuti mkazi wophunzira amaphikanso mophunzira. Mwana yekha ndiye anakana. Iye usipa sadya, amati ndi nsomba zomuyang'ana. Anadya buledi wake ali phee.

Ola lisanathe, m'mimba mwanga munayamba kulira ngati ng'oma za kudambwe. Ndinayang'ana bambo, thukuta lili kamukamu pamphumi. Apongozi anadzuka mwakachetechete, anakonza chitenje, n'kukwera masitepe mothamanga kuposa mmene ndinawaonerapo chibwerereni. Nyumba zakuno zambiri chimbudzi n'chimodzi, chili pamwamba, m'chipinda chosambira momwemo. Ndani angagogode chitseko apongozi ali mkati? Bambo anathamangira kuseri kwa nyumba. Ine ndinakumbatira ndowa yokolopera.

Pakati pa kusanza ndinayamba kuganiza ngati namwino. Anthu atatu, chakudya chimodzi, zizindikiro zofanana. Ndinagamula kuti wolakwa ndi usipa, wakhalitsa. Ndinanenadi mokweza, apongozi akumva kumwamba, kuti zinthu zouma zochokera kumudzi zimafunika kusamala nazo.

Ndiye mwana, wa zaka zisanu ndi ziwiri, analoza kapu ya pawindo.

"Amami, bwanji mwadula maluwa aja n'kuika mu nsomba?"

Ati kusukulu anawajambula pa 1 Marichi, tsiku la St David, woyera wa ku Wales, chifukwa ndi duwa la anthu a kumeneko. Dzina lake daffodil. Amagulitsidwa asanamasule kuti akamasulire m'nyumba. Ndinapita kubini, ndinafukula kapepala kaja pansi pa makoko a tomato. Kanalembedwa bwinobwino kuti ndi maluwa, osadya.

Tinaimba 111, nambala ya uphungu wa zaumoyo. Anaimba ndi bambo chifukwa ine pakamwa panali potanganidwa. Ndinkawakodola ndi dzanja kuti afotokoze zochepa, koma mwamuna wonyadira mkazi wake ndi woopsa. Ndinangomva akuti, musadandaule kwambiri, m'nyumba muno muli namwino, ndi amene anaphika.

Namwino amene anatiimbiranso anali wodekha. Anafunsa kuchuluka kwa zimene tadya, zaka za apongozi ndi mankhwala amene amamwa. Anati m'maluwawo muli poizoni wotchedwa lycorine, wochuluka kwambiri ku mpira wa kumizu, amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Timwe madzi pang'onopang'ono, tiziwayang'anira amayi, zikapitirira tipite kuchipatala. Anatinso sindine woyamba, mpaka mu 2015 akuluakulu azaumoyo analembera masitolo kuti maluwawa aziwaika kutali ndi masamba. Kenako anandifunira zabwino pa ntchito yanga yatsopano. Mawu ake ankanjenjemera ngati munthu amene waluma tsaya kuti asaseke.

Pofika pakati pa usiku tonse tinali titapepukidwa, tili gone pabalaza ngati anthu obwera kudzoma. Ndinagwada n'kupepesa apongozi chifukwa chonamizira usipa wawo. Anangoti zimachitika, koma phukusi lotsalalo analitenga n'kukalitsekera m'sutikesi.

Patapita masiku awiri ndinatsika m'mawa n'kuwapeza ataima pawindo, manja kumbuyo. Mtolo wa m'kapu uja unali utamasula, chikasu chokhachokha, kukongola kochititsa manyazi. Sanatembenuke n'komwe.

"Anamwino," anatero, "anyezi wanu wachita maluwa. Tithyole lero, kapena tidikire akhwime?"